Chisoti cha Malume Dunstan

Joondalup, Perth
Mwezi wa Juni

Okondedwa achimwene a Dunstan,

Landirani moni wochokera kuno ku Perth, inu pamodzi ndi alamu anga a Scholastica. Mwadzuka bwanji kumeneko ku Amereka? Nanga bondo lija likuvutabe? Ife kuno Mulungu akutisunga. Ndi nyengo yachisanu, ndipo chisanu cha kuno chimabwera ndi mvula yamphepo yolowa mpaka m'mafupa. Bambo a kunyumba, a Goodwill, ali kumigodi kumpoto monga mwa masiku onse. Mwana wanga Malizani ali bwino, akutha chakudya m'nyumba muno.

Mudabwa kuti Olipa wayamba liti kulemba makalata pamene foni ilipo. Ndachita dala. Mawu apafoni amauluka, koma pepala mukhoza kuliika pathebulo, kuliwerenga lero, mawa n'kuliwerenganso. Mundikhululukire ngati ndikuuzani zinthu zimene mukuzidziwa kale. Ndiyambira patali, monga mumayambira inu.

Mudachoka ku Dedza ine ndili sitandade seveni. Mphunzitsi wakuda wa ku Amereka amene ankaphunzitsa masamu pasukulu panu adakuonani mukumenya mpira popanda nsapato, mpirawo n'kudumpha denga la tchalitchi. Adati kukoleji kumene iye adaphunzira kukufunika mwendo wotere. Amayi adalira padepoti ya basi, inu mukuwatonthoza kuti simukupita kunkhondo, mukukangomenya mpira ndi phazi basi, zogundana n'za ena.

Kenaka zithunzi zidayamba kubwera. Tidakuonani mutavala chisoti cholimba chokhala ndi zitsulo kumaso, mapewa atatukumuka, m'manja muli mpira wosongoka uku ndi uku ngati papaya. Amayi adafunsa kuti munthu womenya mpira ndi phazi amabisiranji nkhope. Simudawauze kuti kochi adaona thupi lanu n'kukuchotsani pomenya mpira, kukuikani pogwetsa anthu. Tidadzamva mochedwa kuti anzanu adakupatsani dzina lachingerezi lotanthauza nyundo.

Mbiri ya koleji yanu ndimaidziwa ngati katekisimu, poti mwandilalikira nayo zaka zonsezi. Idayambira m'katchalitchi ka matabwa, oiyambitsa ali anthu akuda amene adali atangomasulidwa kumene ku ukapolo. Timu yoyamba idali ndi mpira umodzi wokha. Majezi adasoka ndi atsikana a kalasi ya zosokasoka, nsapato zidali za kumunda zokhomedwa misomali kunsi, bwalo lidali dambo lodyetserapo ng'ombe.

Popita kukasewera kutali anyamatawo ankagona m'basi, chifukwa mahotela ankakana munthu wakuda, chakudya n'kumagulira pazenera la kuseri. Makoleji a azungu ankakana kusewera nawo. Iwo ankangopambana m'mipikisano ya akuda okhaokha, chikho pamwamba pa chikho, mpaka tsiku limene koleji ina ya azungu idavomera, n'kuchapidwa pabwalo pakwawo pomwe. Mumati tsiku limenelo amayi a m'tauni yonse adatuluka ndi mapoto ndi masupuni, kuimba pamodzi ndi bandi ya sukulu mpaka mawu kutha.

Mumatchulanso kochi wakale amene ankakhazika panja aliyense wojomba kalasi, ngakhale akhale katswiri wotani. Mumatchula anyamata amene adapita kuligi yaikulu, ena amene adakhala madokotala, ena oweruza milandu. Zonsezi ndimazilemekeza, achimwene. Musaganize kuti ndikunyoza anthu amene adapirira zotere. Ine ndemwe ndimaimika mapewa kuntchito ndikamanena kuti mchimwene wanga wa ku Dedza chithunzi chake chili pakhoma la kumeneko.

Ndiye pali chaka chanu, chimene timu yanu sidagonje ngakhale kamodzi. Pamasewero omaliza munthu ankathamangira kukagoletsa, inu n'kumugunda ndi mutu pafupi ndi mzere, nonse awiri n'kugwa osadzuka. Chikho chidakhala chanu. Mumakonda kuseka kuti chinthu chachikulu koposa chimene mudachita pamoyo wanu simuchikumbuka, mudachita kuuzidwa ndi anthu mutatsitsimuka. Kale nanenso ndinkaseka nawo.

Tsopano ndifike pa Malizani. Mwanayu wakulira kuno, Chichewa amamva koma amayankha m'Chingerezi cha m'mphuno. Wasewera mpira wa kuno ku Australia kuyambira ali wamng'ono, ndipo mwendo adatengera kwanu. Inu mudaona kanema wake, mudapita ndi kanemayo kwa kochi wa koleji yanu, malo n'kupezeka. Ndege yake ndi ya mwezi wamawa.

Mutandiuza, ndinafunsa a Goodwill maganizo awo. Anangotambasula manja n'kunena kuti iwo ndi mkamwini chabe, mwana ndi wa kwa malume ake, mwini mbumba akalankhula watha. Taonani anthu aamuna! Nyumba ndi yalendi, tili kutsidya kwa nyanja, koma ukamwini amaukumbukira pakafika nkhani yolemera. Komabe sananame. Chimwalirireni amayi, mwini mbumba ndinu, ndipo ine sindinakutsutsenipo chibadwire. Ndinavomera chifukwa munandilonjeza kuti mwanayo akukangomenya mpira ndi phazi basi, zogundana n'za ena.

Mawu amenewo atatuluka m'kamwa mwanu ndinamva ngati ndawamvapo kwina, koma sindinafune kukumbuka kuti n'kuti.

Mwezi wathawu panafika phukusi lochokera kwa inu. Malizani analitsegula pakhomo pomwe, osadikira kulowa nalo m'nyumba. Munali jezi yanu ya chaka cha chikho, mphete yanu ya chikho, ndi chisoti chija. Mwana anakuwa ndi chimwemwe mpaka galu wa aneba kuuwa.

Achimwene, kwathu zovala za munthu timagawa liti? Mwaiwala mmene tidakhalira pamphasa, maliro a malume athu atatha, akuluakulu akutulutsa jekete lawo n'kukuvekani inu? Munthu wamoyo sagawa zovala zake. Ndipo nditakuimbirani kuti ndithokoze, munati mwatero chifukwa Malizani akubwera kudzalowa dzina lanu. Dzina timalowa la munthu amene wapita.

Chisoticho ndinachitenga mwana atatuluka. N'cholemera. Pachipumi pake utoto udatha, pali mikwingwirima yozama yopingasana. Ndinachitembenuza, ndinaona kuti kansalu ka m'kati kadasanduka kakuda mbali imodzi. Ndagwira ntchito m'chipatala zaka zambiri, ndimasiyanitsa thukuta louma ndi magazi ouma. Madzulo ake Malizani anachivala, chinamukwana ngati adachita kumuyeza.

Mukudziwa kuti ndine nesi ku Nedlands, koma simunandifunsepo kuti ndi wodi iti. Ndi wodi ya anthu ovulala ubongo ndi amene nzeru zikuwathawa. Ambiri ndi nkhalamba. Koma nthawi zina amatibweretsera zimphona za amuna, zaka zawo ngati zanu, amene kale ankasewera mpira wogundana. Thupi likadali lamphamvu, dzanja likakugwira umamva. Amakufotokozera masewero a zaka makumi atatu zapitazo mosaphonya, koma chimbudzi chimene wachokako kumene sachidziwa. Mmodzi ankandifunsa tsiku lililonse kuti mayi amene amamubweretsera maluwa uja ndani. Anali mkazi wake.

Ndiye munditchule wamwano ngati mufuna, koma ine ndakhala ndikukumvetserani ndi khutu la unesi. Chaka chatha munandifunsa ngati chimanga chacha kumunda wa kudambo, munda umene tidausiya kalekale. Ndinati ndi nthabwala. Pa Khirisimasi munanditchula amayi, n'kundipepesa kuti simunandiuze zoti akusinthani malo osewera. Ndinati mwina ndi kutopa. Munthu akafuna kusaona chinthu, zifukwa sizisowa.

Loweruka lapitali tinachita mapemphero otsanzikana ndi Malizani muholo ya tchalitchi chathu ku Mirrabooka. Tinachita m'mawa dala, kuti kwanuko kukhale kukadali madzulo, inu muthe kulankhula. Kunadzaza Amalawi, anzathu a ku Zambia nawo anabwera. Anyamata anakuikani pakanema wamkulu wa pakhoma kuti mupereke malangizo a umalume. Malizani anaima kutsogolo atavala jezi yanu.

Munalankhula bwino, achimwene, ngati mlaliki. Munayambira pakatchalitchi ka matabwa, mpira umodzi, nsapato za misomali, kugona m'basi, mpaka kukafika pa amayi a mapoto ndi masupuni. Ana obadwira kuno, amene sachotsa maso pafoni, anakweza mitu. Amayi a mpingo analulutira. Ine misozi inatsika, ya kunyada yeniyeni.

Nthungululu zitatha, munapuma pang'ono, n'kuyambiranso pakatchalitchi ka matabwa. Mawu omwewo, kakwezedwe ka dzanja komweko, pamene munaseka poyamba n'kusekanso pomwepo. Anthu anayang'anizana, koma ndani angadule mawu malume a mwana pamwambo wotere? Mutamaliza analulutiranso, mwaulemu. Mutayamba kachitatu, a Kapembwa, mkulu wa mpingo wathu wochokera ku Chipata, anaimirira n'kuyambitsa nyimbo mokweza, holo yonse n'kulandira. Ife tikuimba, milomo yanu pakhomapo inali ikuyendabe.

Nyimbo itatha munasuzumira pafupi, nkhope yanu n'kudzaza khoma lonse. Munamuloza Malizani n'kufunsa mwaukali kuti mnyamata ameneyo ndani, ndipo jezi yanu waiba kuti. Anthu anaphulika kuseka, kuyesa nthabwala za malume ndi mwana wa mlongo wake. Malizani anaseka koposa onse. Ine ndinali kuyang'ana maso anu, ndipo munalibe nthabwala m'menemo. Kenaka dzanja la alamu linaoneka, kanema n'kuzima.

Pobwerera m'galimoto mwana anali akusekabe, akuti malume ake ndi "legend". Ndinakumbuka akulu aja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, ndinadzidzudzula ndekha kuti mayi saganizira mwana wake zotere.

Tsiku lotsatira ndinaimbira alamu. Poyamba anayankha monga timayankhira tonse, kuti muli bwino, kungoti kutopa. Ndinawauza kuti akulankhula ndi nesi, osati ndi mlamu. Pamenepo analira kulira kwa munthu amene wasenza yekha katundu kwa zaka. Musawakalipire. Ndine ndinawaumiriza.

Anandiuza kuti makiyi a galimoto amawabisa, chifukwa tsiku lina munapita kukagula buledi, apolisi n'kukakupezani pageti la bwalo la masewero, nsapato zili m'manja, mukuchonderera mlonda kuti akutsegulireni chifukwa timu ikukudikirani. Anandiuza za mbale zimene mwaswa, inu amene simudamenyepo ngakhale mphaka. Anandiuza kuti dokotala adanena kuti n'kutheka kwambiri kuti ndi kugundagunda mutu kwa zaka zija, ndipo sizibwerera m'mbuyo. Anati m'mawa mumakhala bwinobwino, mumadziwa zonse, nthawi zina mumalira chifukwa chodziwacho. Dzuwa likamapendeka m'pamene mumayamba kusochera.

Koma chimene chandisowetsa tulo ndi ichi. Anati chaka chilichonse, patsiku limene ophunzira akale amabwerera kukoleji, timu yanu ya chikho imaitanidwa pakati pabwalo, bandi ikuimba, anthu ataimirira. Chaka chathachi angapo mwa anzanu anachita kugwiridwa dzanja ndi akazi awo kuti adziwe koima. Akaziwo amadziwana. Amakhala mzere umodzi, salankhula zambiri, aliyense makiyi a galimoto ali m'chikwama chake.

Ndinawafunsa chifukwa chimene sanandiuzire pamene ankaona mukukonza ulendo wa mwana wanga. Anati iwo ndi mtengwa, nkhani ya malume ndi mbumba yake angailowe bwanji. Mwaona mmene ulemu watimangira, achimwene? A Goodwill akuti ndi mkamwini, alamu akuti ndi mtengwa, ine ndikuti ndine wamng'ono, mpingo ukuyambitsa nyimbo. Tonse tikumuperekeza mwana mwaulemu.

Alamu anandiuzanso chimene inu simunandiuze. Munamuuza kochi kuti mnyamata wa thupi lotere n'kumuwononga kumusiya pomenya mpira ndi phazi, amuyese pamalo panu pakale. Ndinamufunsa Malizani, sanakane. Anati akudziwa kuyambira kale, ndipo n'chimene akufuna, malume ake adamuuza kuti magazi athu samenya mpira kokha, amagunda.

Pali china chimene mwina mwaiwala, ngakhale ndinakuuzani nthawi yomweyo. Chaka chatha, pamasewero kuno ku Joondalup, Malizani anawombana mitu ndi mnzake. Anadzuka n'kuyamba kuthamangira kugolo lolakwika. Popita kuchipatala anandifunsa katatu kuti apambana ndani. Kanali kachiwiri zotere kumuchitikira, ndipo dokotala anandiyang'ana m'maso n'kunena kuti mutu umene wagwedezeka kawiri suchedwa kugwedezeka kachitatu. Nditakuuzani munaseka, munati mwamuna amagwa n'kudzuka.

Ndayesa kulankhula naye. Ndamuuza za wodi yanga, ndamuuza za inu. Akuti zisoti za masiku ano n'zabwino, madokotala amakhala pambali pabwalo, malamulo adasintha. Mwina n'zoona. Akuti inu munali mutangotopa tsiku lija. Pomaliza anandigwira paphewa, poti tsopano amandiyang'ana chotsitsa maso, n'kunena kuti "No worries, Mum." Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanamukhoma khofi.

Kumuletsa sindingathe. Kuno mwana wa zaka naintini ndi munthu wamkulu, pasipoti ndi yake. Ndipo cholakwa ndi chinthu chabwino chomwe tidachita: tidamulera kuti ngakhale akulire kwa azungu adziwe kuti malume ndi malume. Zina zonse za kwathu adazitaya, koma ichi chokha adachigwira. Anandiuza poyera kuti munthu mmodzi yekha amene angamuuze kuti asapite, iye n'kumvera, ndi inu.

Ndiye ndagwada, achimwene, ine mlongo wanu. Nkhanga zidapangana kusanapse. Muimbireni mwanayu. Musaimbe madzulo monga mumachitira. Muimbe kwanuko kutangocha, mutamwa tiyi, mutu uli mbee, kuno kudzakhala madzulo ndipo adzakhala ali pakhomo. Mumuuze ndi pakamwa panu zimene zikukuchitikirani. Mumuuze za pageti paja. Mumuuze kuti mwabweza mawu anu.

Ngati mtima wanu ukufunitsitsa kuti aione koleji yanu, abwere adzaione. Adzakhale nanu pamipando ya oonerera, adzamve bandi, mudzamuonetse chithunzi chanu pakhoma. Ngati n'kuphunzira, adzaphunzire ngati madokotala ndi oweruza milandu amene mumawatchula aja, poti nawonso ndi mbiri ya sukulu yomweyo. Koma pamzere wogundana paja ayi. Banja lathu lidaperekapo kale mutu umodzi pabwalo limenelo, ndipo unali mutu wanzeru kuposa yonse ya kwathu kwa Nankhoma.

Ndikudziwa kuti ndikupempha chinthu chowawa, kuti mwamuna avule ulemu wake pamaso pa mwana amene amamupembedza. Ndikudziwanso kuti mwina mukwiya, mung'amba pepalali. Alamu ndawatumizira lina lofanana nalo, adzakuwerengerani mawa lake m'mawa, ndi mkuja, mpaka tsiku limene lidzakupezeni muli inu weniweni. Chimene ndikuopa n'chakuti masiku oterowo akucheperachepera, ndipo ndege siidikira.

Chisoti ndi mphete ndazibweza, zili m'phukusi limene labwera ndi kalatayi. Ndinu wamoyo, zovala zanu sitinayambe kugawa. Jezi yokha ndalephera, amagona nayo.

Ndikuuzeni chomaliza, chimene sindinauze ngakhale a Goodwill. M'mawa uno Malizani akupita kokachita majowajowa anandifunsa ngati ndamuonera makiyi. Ndinamuuza kuti ali pafiriji, anawatenga. Anamanga zingwe za nsapato, anamwa madzi, anafika pachitseko n'kutembenuka, kundifunsa ngati ndamuonera makiyi. Anali m'dzanja lake. Mwina ndi unyamata chabe, ana onse amatero, inenso ndimatero ndikachoka kuntchito nditatopa. Koma ndinakhala pansi pomwepo m'khitchini.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Scholastica, muwauze kuti katundu amene asenza okha tsopano tasenza awiri. Moni kwa ana, Cathy ndi Joan, ndi kwa anzanu a chikho amene angakumbuke kuti muli ndi mlongo. Mulungu amene adakutulutsani ku Dedza akusungeni, akupatseni m'mawa wowala umodzi wokha woti muimbe foniyo.

Mukafika pano n'kupeza kuti mwaiwala amene walemba, musachite manyazi, ndikuuzaninso. Si amayi. Amayi adagona kalekale, ndipo adapita akukhulupirira kuti mwana wawo ankangomenya mpira ndi phazi.

Ndine mlongo wanu wotsatana nanu, amene munkamubereka popita kudambo,

Olipa,
mayi ake a Malizani